Madzi a Kumsana kwa Bambo a Mwana

Ndiyambe ndi kuulula, kuti zotsatirazi zimveke bwino. Chikwama chija sindinachigule chifukwa cha chikondi chokha ayi. Munali mantha ambiri, munalinso kaumbombo kena kamene mpaka lero ndikakakumbukira ndimayang'ana pansi.

Amuna anga ndi mlangizi wa zaumoyo. Timakhala pa Kamwendo, kuseri kwa masitolo, ndipo tili ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kukwawa. Kawiri kapena katatu pa sabata bambo ake amamangirira pa kaliyala kabokosi kozizira ka katemera, sikelo yopachika ndi buku lalikulu la mayina a ana, n'kupalasa kupita kumidzi ya cha ku Kapondo kukachititsa sikelo. Njinga yake ndi ija ya magiya, ya matayala onenepa, imene anyamata amati mawunteni. Njira za kumeneko si za masewera. Kuli mchenga wotitimira, kuli madambo, kuli zitunda za miyala zimene ngakhale ng'ombe za pa ngolo zimayamba zaima kaye. Anthu a kumeneko amawatchula kuti adokotala, ngakhale iwo atakana chotani.

Tsiku lina la Okutobala ndinalandira foni yoti amuna anga ali kuchipatala, abwera nawo pa ngolo. Mlimi wina anawapeza atagona m'mbali mwa njira, pa chitunda chotuluka m'dambo. Njinga anali ataitsamiritsa bwinobwino pa mtengo, kabokosi ka katemera kali pa mthunzi, eni ake ali padzuwa. Mmene ndinkafika n'kuti atawaika kale dilipi, milomo itang'ambika ngati nthaka ya m'dambo louma.

Amene ankawasamalira anandiitanira panja n'kunena kuti, "Mayi, malungo palibe, china chilichonse palibe. Thupi langouma basi. Koma zikachitikanso kawiri katatu, impso sizikhululuka."

Botolo lalikulu ndinkadzaza ndekha m'mawa uliwonse, madzi owiritsa, n'kuliika m'jumbo pa chiwongolero. Nditalowanso m'chipinda muja ndinawafunsa chapansipansi kuti, "Bambo a mwana, madzi aja anapita kuti?"

"Kunali mayi wina woyembekezera, anayenda mtunda. Ndiye panali kamwana kofunika kumwera mankhwala. Ndiye ena aja anaona kuti botolo latsegulidwa."

"Nanga inu?"

"Ine ndinati ndikamwa kunyumba."

Kwathu kuno madzi samanidwa. Munthu akhoza kukubisira ndiwo, akhoza kukuuza kuti mchere watha pamene ulipo, koma akakumana madzi mudzi wonse umamva. Zimenezi ndinakula nazo ngati wina aliyense. Koma tsiku limenelo, nditabereka mwana pafupi ndi bedi la bambo ake, ndinadana nawo mwambowo ndi mtima wanga wonse.

Ine ndine munthu wamantha chibadwire. Ndili ndi satifiketi ya za m'maofesi, ndipo masiku ena pa sabata ndimatayipa mapepala pa kaofesi kena ka anthu othandiza amalonda kuolotsa katundu pa boda. Maphunzirowo sanandichotse mantha, anangondiphunzitsa kowerenga zoopsa. Ntchito ikachepa ndinkatenga foni n'kumafufuza za impso, ndipo chilichonse chimene ndawerenga ndinkachiona pa amuna anga. Akayasamula, ine ndati zayambika. Akachedwa kubwera ndi theka la ola, ine ndayamba kale kuganiza kuti maliro akachitikira kwawo kapena kwathu. Musandiseke, zoonadi. Mwana akamayamwa ndinkamuyang'ana n'kumadzifunsa ngati adzakumbukire nkhope ya bambo ake.

Ndinayesa kuwapatsa mabotolo awiri. Onse awiri ankabwera opanda kanthu, milomo ili youma chimodzimodzi.

Ndiye tsiku lina masana, ndili pakhomo la ofesi, kunafika azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, pa njinga zonga ya amuna anga, zafumbi mpaka m'masipoko. Ankapita ku Zambia. Podikira kuti ziphaso zawo zidindidwe, mkaziyo anatenga kapaipi kamene kanachokera m'kachikwama ka kumsana kwake, kudutsa pa phewa, n'kukaika kukamwa. Mmodzi wa anyamata osintha ndalama pa bodapo anagunda mnzake.

"Ase, mzunguyu akudwala. Wayenda ndi mpweya wa kuchipatala."

"Ndi madzi amenewo, mbuli iwe," anatero mnzakeyo.

Ine ndinayang'anitsitsa. Panali madalaivala a mathiraki atakhala pa mthunzi, panali amayi ogulitsa nthochi, kukutentha koopsa. Mzungu uja anamwa kangapo konse pamaso pa onsewo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anati gawireniko. Ungapemphe bwanji chinthu chotuluka m'kamwa mwa mnzako? Sindinaganize kuti chikwamachi n'chabwino pa njinga, kapena kuti manja amakhala pa chiwongolero. Ndinaganiza chimodzi chokha: awa ndiwo madzi oti munthu sangapemphe.

Loweruka lotsatira ndinapita kumsika wa pa boma ndi mwana kumsana. Kuli mayi wina wachisilamu amene amagulitsa zikwama za kaunjika, wachikulire ndithu, wa mpango wake wobiriwira umene sumasuntha ngakhale mphepo iombe. Nditamufotokozera zimene ndikufuna, anaseka n'kulowetsa mkono pansi penipeni pa mulu.

"Izi? Zimabwera m'belo apo ndi apo. Anthu amagula, thumba la m'kati n'kutaya, chikwamacho n'kupatsa ana kuti azinyamulira makope. Ndinu woyamba kufuna madzi ake."

Anatulutsa zitatu. Chimodzi chinali chachikulu, chakuda, cha matumba ambirimbiri ndi mazipi owala. China chinali chaching'ono kwambiri, chonga cha mwana wa mkaka. Chachitatu chinali chapakati, chotuwa, chosuluka mtundu, chosaoneka bwino n'komwe. M'kati mwa chilichonse munali thumba lofewa la pulasitiki lothiramo madzi, ndi kapaipi kothera pa kamphira kamene munthu amaluma kuti madzi atuluke.

Ine ndinalozeratu chachikulu chija.

"Dikirani kaye, mwana wanga," anatero. "Opalasa njinga ndi inu?"

"Ndi bambo a kunyumba."

"Msana wawo ndi wotani? Wautali? Wotambalala?"

Ndinayamba kusonyeza ndi manja, kwinaku ndikutambasula, kwinaku ndikubweza.

"Iii! Mwana mmodzi yekha, msana wa amuna anu mwauiwala kale? Akadzakwana asanu mudzaiwala ndi dzina lomwe."

Amayi a pa benchi yoyandikana anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako wogulitsa uja anaitana telala wa patsidya pa kanjira, bambo wowonda wamtali pang'ono, n'kundifunsa ngati amuna anga akufanana naye. Ndinati inde, kungoti mapewa a amuna anga ndi otambalalako. Telala uja anaima chilili ngati chidole cha m'sitolo, tepi ili m'khosi, mayi uja n'kumuveka chachikulu chija. Chinamufika pa matako.

"Mwaona? Akakwera njinga, ichi chizigunda chishalo. Akawerama, chizimukankha chipewa. Ndiponso," apa anatsitsa mawu, "mwamuna ukamupatsa matumba ambiri, amanyamula katundu wa anthu ena."

Apo ndiye anandigwira pamtima, chifukwa anali ngati akuwadziwa amuna anga.

Chaching'ono chija chinamuluma telala m'khwapa, ndipo madzi ake sakanakwana ulendo wa tsiku lonse. Chinatsala chotuwa chija. Koma mayi uja sanalole kuti ndingotenga. Anamasula telala kuti abwerere ku makina ake, n'kundiuza kuti nditsitse mwana. Anamulandira yekha, n'kumukhazika pa ntchafu. Kenako anatsegula thumba la m'kati, n'kuthiramo madzi a m'chigubu chake mpaka kudzaza.

"Chikwama sachiyesa chopanda kanthu. Chopanda kanthu chilichonse chimakoma. Valani."

Ndinavala. Chinalendewera m'chiuno, malamba ali lobodo.

"Mwana mumamubereka pati? Pa matako?"

"Ayi, pamwamba."

"Chifukwa?"

"Akatsika amalemera, ndiponso amagwedera."

"Ndiye ichi mwachisiyiranji pansi? Kokani malambawo. Eya. Tsopano mangani kalamba ka pachifuwako, monga mmene mumamangira nsalu. Osati kothina mpaka kubanika, koma koti chisathawe mapewa. Dumphani."

"Pano?"

"Nanga mukadumphira kutchalitchi? Dumphani!"

Ndinadumpha pakati pa msika, mayi wa mwana, wa satifiketi yake. Mwana wanga anaseka koyamba tsiku limenelo. Chikwama sichinagwedere, koma madzi ankalira m'kati kuti khuvu khuvu. Mayi uja anandivula, n'kutembenuza thumba lija chadodolido, kenako anafinya kamphira kaja mpaka mpweya wonse unatuluka. Nditavalanso n'kudumpha, kunali zii, ngati mwana wogona.

Anandionetsanso zina zimene ndekha sindikanaziona. Malamba a m'mapewa anali otambalala, ofewa m'mphepete, oti sangadule khosi munthu akatuluka thukuta. Kumsana kwake kunali kansalu ka maukonde ndi kampata pakati koti mphepo izidutsa. Kukamwa kwa thumba la madzi kunali kwakukulu, koti dzanja n'kulowa potsuka. Anandiuza kuti ndilinunkhize, ndiliunike padzuwa ngati muli nkhungu, ndilifinye ndi mphamvu ngati likudontha m'misoko. Zonsezi ankachita mosafulumira, makasitomala ena akudikira, ngati kuti amene akavale ndi mwana wake wobereka yekha. Ndakhala ndikugula zinthu moyo wanga wonse, koma sindinaonepo munthu wodziwa katundu wake chotero.

Mwina n'chifukwa chake ndinamasuka. Akukulunga chikwama chija ndinamuuza zonse, za chitunda chija, za ngolo, za impso. Kenako ndinanena zimene ndinali ndisanauzepo munthu.

"Amayi, ine ndikufuna madzi oti munthu asawapemphe."

Anasiya kukulunga. Anandiyang'ana nthawi ndithu, osati mokwiya.

"Ife timasala mwezi wathunthu, mwana wanga. Ludzu ndimalidziwa bwino. Koma madzi osapemphedwa sindinawaonepo. Chikwama ndakusankhirani chabwino. Zinazo mukakambirane kunyumba."

Kunyumba sindinakambirane ndi munthu. Ndinatsuka thumba lija ndi soda ndi mandimu, ndi madzi ofunda, katatu konse, n'kuliyanika chozondotsa pa chingwe. Kapaipi ndinakapititsa madzi mpaka fungo la kaunjika linatheratu. Amuna anga atachiona anachitembenuza uku ndi uku, anachivala, ine n'kukoka malamba monga anandiphunzitsira mayi uja. Anazungulira nacho bwalo pa njinga, anakwera dala pa mizu ya mtengo wa mango, anaimirira pa mapedulo.

"Sichikumveka n'komwe," anatero. "Mwachipeza kuti chimenechi, mayi a mwana?"

M'mawa mwake podutsa pa siteji, akabaza sanawasiye.

"Adokotala! Mwayamba kudzithira nokha dilipi?"

"Ayi, akuyamwa! Mwana wawalanda bere, apeza lawo!"

Iwo anangokweza dzanja, kamphira kali kukamwa, n'kumapita.

Kwa masabata awiri ndinagona tulo. Ankabwera thumba lili phwa, ine n'kumati ndapambana, madzi onse alowa m'thupi la mwini wake. Milomo inali youmabe madzulo, koma ndinkati ndi mphepo ya pa njinga. Ndiye tsiku lina potsuka ndinatsegula kathumba ka kutsogolo, kokhako kamene chikwamacho chili nako, ndipo ndinapezamo kakapu ka pulasitiki kofiira, komangidwa ndi kachingwe.

Ndinakaika pa tebulo. Atakaona anakanda kumutu.

"Mukafinya kamphira kaja ndi zala, madzi amatuluka bwinobwino. Sindimwetsa munthu pa kapaipi ayi, zimenezo n'zaumve."

"Sindikufunsa za umve."

"Mayi a mwana, m'mawa ndiwauze kuti mwana wotsegula m'mimba amafuna madzi abwino, masana ndiwamane madzi abwinowo ali kumsana kwanga? Popita ndimamwa, ndithu. Chikwamachi chandithandiza, chifukwa botolo limafuna kuti uime, ndipo ukaima anthu afika. Ichi ndimamwa ndikupalasa."

"Nanga pobwerera? Dzuwa lili pamutu, zitunda zili kutsogolo?"

Ndinapitiriza osadikira yankho.

"Mukagwanso, ine nditani ndi mwanayu?"

"Sindigwa."

Mawu amenewo ndi amene anandiopsa kuposa onse, chifukwa anawanena ndi mtima wonse.

Novembala analowa mvula isanagwe. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa. Lachinayi lina, tsiku la sikelo ya kumudzi wa kutali kuja, ndinapempha kuti ndisapite kuntchito. Amuna anga sindinawauze. Atanyamuka ndinadikira maola angapo, kenako ndinabereka mwana n'kukwera kabaza wa njinga yamoto. Ndinkafuna chiyani kwenikweni, kaya. Mwina kukalanda kakapu kaja pamaso pa anthu.

Titawoloka dambo lina louma, woyendetsa uja, amene sankandidziwa, analoza ndi chibwano.

"Apa ndi pamene anagwa adokotala athu aja. Munthu wabwino, koma sadzisamala. Akazi awo kaya amatani."

Ndinangoti, "Kaya."

Sikelo inkachitikira pa khonde la katchalitchi ka njerwa zosawotcha. Amayi anali atakhala pansi m'mizere, ena pa mthunzi wa khonde, ena ataphimba ana ndi maambulera. Sikelo yopachika ija inali pa nthambi ya mtengo. Ndinakhala kumbuyo, n'kudziphimba nsalu kumutu. Koma munthu sangabisale kwa bambo wa mwana wake. Anandiona nthawi yomweyo. Anakweza nsidze, kenako anati mokweza, "Mayi mwabwera mochedwa inu, khalani pa mzere. Buku la mwana mwatenga?" Ndipo anapitiriza ntchito.

Ndinali ndisanawaonepo akugwira ntchito. Kunyumba ndi munthu wa mawu ochepa, woiwala pamene waika makiyi. Kuno anali wina. Mwana aliyense ankamudziwa asanatsegule buku, ankadziwa amene anadwala mwezi watha, amene mayi ake ali ndi pakati pena. Pobaya jakisoni ankayamba wacheza ndi mwanayo za mbuzi za kwawo, ndipo mwana akamayamba kulira n'kuti singano itatuluka kale. Mayi wina wamng'ono, mwina wa zaka zosakwana makumi awiri, mwana wake anali atatsika sikelo. Amuna anga sanamukalipire pagulu. Anamuitanira pambali, anagwada kuti alankhule naye chapansipansi, ndipo ndinaona mapewa a mtsikanayo akumasuka. Chikwama chija chinali kumsana nthawi yonseyi, chosasuntha, malaya atanyowa thukuta m'mbali mwake. Ndinachita manyazi kuti munthu ameneyu ndinkamuwerengera madzi.

Koma kakapu kofiira kaja kanalinso pa ntchito. Mayi ankabwera n'kugwada, "Adokotala, timadzi tija ta mwanayu." Iwo n'kufinya kamphira. Wina n'kubwera. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti palibe wamkulu amene ankamwa. Onse ankamwetsa ana, mosamala, dontho lililonse, ngati mankhwala. Pamene mwana womaliza ankatsika pa sikelo, thumba lija linali litaphwa, dzuwa lili paliwombo. Amuna anga anayamba kumangirira katundu pa kaliyala. Anameza malovu, ndinaona pakhosi pawo. Ndipo patali pang'ono, poonekera, panali mjigo, atsikana akutunga.

Palibe amene anawapatsa madzi. Kumudzi, kumene mlendo asanakhale n'komwe pa mphasa chikho chimakhala chafika kale, munthu wagwira ntchito kuyambira m'mawa, palibe chikho.

Mantha anandichotsa ulemu. Ndinaimirira pakati pa anthu osandidziwa n'kulankhula mokweza.

"Pepani amayi, ine ndine mkazi wa bambo awa. Ndikupemphako madzi akumwa. Amuna angawa ali ndi ludzu."

Amuna anga anaima chingwe chili m'manja. Mkazi kupemphera mwamuna wake madzi pagulu, mwamunayo ali pomwepo, pakamwa ali napo, ndi chinthu chochititsa manyazi, ndipo ndinadziwa.

Amene anayankha anali mayi wina wonenepa wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo, amene ankathandiza kulemba manambala a sikelo.

"Madzi ati, achemwali? Athu ano?"

"Omwewo."

"Iii, adokotala angamwe madzi athu? Si iwo amene anatiphunzitsa za mitsuko yosavundikira ndi zikho zogwiragwira? Ife timaopa. Timati tikawapatsa ayamba kuyang'ana m'chikho, ndiye tichita manyazi. Chiyambire ntchito kuno palibe amene anayerekeza."

"Nanga thumbali simungalidzaze pa mjigo?"

Amayi anayang'anana. Wina kumbuyo anati, "Kodi amathiramo madzi wamba? Ife timati ndi a kuchipatala, a mankhwala, poti ali ndi kapaipi ngati dilipi. N'chifukwa chake timapemphera ana."

"Ndi madzi a m'ketulo yanga," ndinatero. "Ndimawiritsa ndekha."

Phokoso limene linabuka pamenepo! Ena ankaseka, ena anagwira pakamwa. Mayi wa komiti uja anatembenukira amuna anga, manja ali m'chiuno.

"Adokotala, zoona? Tsiku lija munagwa pa chitunda, linali ludzu? Ife tinkati ndi malungo! Mukuchoka pamudzi pathu ndi ludzu, mjigo uli apo, ndowa ya kulorini imene munatipatsa nokha ili m'nyumba mwanga yovundikira? Mukufuna midzi ina izitinena kuti tinapha mlendo ndi ludzu?"

"Mlendo sapempha, amayi," anatero amuna anga, akuyang'ana tayala.

"Mlendo wake uti? Ana onsewa mwawabaya matako, mukadali mlendo?"

Apo ndi pamene ndinamvetsa. Iwo ankaopa kupereka chifukwa cha ulemu, amuna anga ankaopa kupempha chifukwa cha ulemu womwewo, ndiponso sankafuna kuti wina aganize kuti akuyesa ukhondo wa pakhomo pake. Zaka zonsezi ankangopereka, osalandira, pakati pa anthu amene akanawapatsa ndowa yathunthu. Ndipo ine, ndi nzeru zanga za pa foni, ndinkafuna kutseka mbali yokhayo imene inali yotsegula.

Mayi uja anapita kunyumba kwake n'kubwera atasenza ndowa ya chivundikiro ndi kampopi pansi. Anasamba m'manja pamaso pa onse, mwadala, akuwayang'ana adokotala ake. Ine ndinavula amuna anga chikwama, ndinatsegula thumba, iye n'kudzaza. Ndinamuonetsa kutembenuza ndi kufinya kuti mpweya utuluke, ndipo anati ndibwereze kuti aone bwino, chifukwa kuyambira tsiku limenelo ntchito imeneyo ndi yake. Kenako anatunga chikho chodzaza, anagwada monga timachitira, n'kupereka.

"Yang'anani m'chikhomo ngati mukufuna. Koma mumwe."

Sanayang'ane. Anamwa chonse osapuma, anthu onse akuonerera, ndipo anapempha china. Amayi anaimba nthungululu ngati pa ukwati.

Mwana anali atayamba kuvuta ndi kutentha, wa njinga yamoto uja akudikira, tsopano akundipewa maso. Ndinatsogola. Kunyumba ndinakhala pa khonde n'kumayang'ana kumsewu, ndipo sindinama, mantha sanathe. Ndinawerenga mathiraki opita ku boda, ndinalowa m'nyumba, ndinatulukanso. Dzuwa litapendeka ndinamva kulira kwa tcheni. Anatsika pa njinga mwamphamvu, anamasula katundu, anapachika chikwama pa msomali. Atalowa kubafa ndinachifinya. Munali madzi otsala, pafupifupi kapu yathunthu.

Masiku awiri sanandilankhule bwino. Moni ankayankha, chakudya ankadya, koma nkhani ayi. Tsiku lachitatu, akupopa tayala, ananena osandiyang'ana kuti, "Munandivula pagulu, mayi a mwana."

"Ndikudziwa. Pepani."

"Tsopano midzi yonse yamva. Dzulo kwina andimwetsa zikho zitatu ndisanatsike n'komwe pa njinga. Ndimachita kuima m'tchire kawirikawiri ngati mwana."

Anali atakwiyadi, sankaseka. Ine ndinatembenukira kukhoma kuti asaone nkhope yanga, n'kuwasiya apitirize kudandaula mpaka tayala linalimba.